Mmene mungapezere nyimbo za Latin jazz ndi zamakedzana zomvera padzuwa, n'kugawirako anzanu

Ambirife zimatikanika pamalo awiri. Mwamva kanyimbo penapake, mwina mu lesitilanti kapena pa kavidiyo ka pa TikTok, kagitala kofewa ndi ting'oma tomveka ngati tikunong'ona, mtima n'kuti myaa, kufika kunyumba mwalemba pa YouTube kuti "jazz" kapena "Latin music" koma zomwe zikubwera ndi zina, reggaeton yaphokoso kapena mavidiyo aja a maola 10 olembedwa cafe music opanda dzina la woimba ndi mmodzi yemwe. Kwinaku ndi pogawa. Mwavutika mwapeza nyimbo zabwino, mwaponya linki ya nyimbo 200 mu gulupu ya WhatsApp, palibe watsegula. Zonse ziwirizi zimatheka kukonza, ndipo nyengo yake ndi ino ya chilimwe, Seputembala mpaka Novembala, nyenje zikulira m'mitengo anthu atakhala pakhonde.

Zofunika kukhala nazo

- Foni kapena kompyuta yokhala ndi YouTube. Spotify ngati muli nayo ndi bwinonso, inafika ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe mu 2021.
- Bandulo. Nyimbo yongomvera pa 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, ndiye ola limodzi ndi cha m'ma 60 MB. Vidiyo imadya kuposa pamenepo.
- Shazam, yokuuzani dzina la nyimbo yomwe ikulira pomwe mulipo.
- Mahedifoni omveka besi, ndi sipika ya Bluetooth yomwe mudzagwiritse ntchito panja.
- Kakope ndi cholembera, kapena Notes ya mufoni. Ichi musachipeputse.
- Munthu wamkulu mmodzi amene anavinako rumba zaka za m'ma 1970. Mumva ntchito yake kutsogoloku.

Gawo loyamba: kusaka

1. Dziwani mayina a zomwe mukufuna

Mawu oti Latin ndi chithumba chachikulu, muli zambiri. Mukalemba dzina lenileni la kayimbidwe, zotuluka zimasinthiratu. Yambani ndi awa:

Bossa nova ndi ya ku Rio de Janeiro, Brazil, inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Gitala ya zingwe za nayiloni, mawu apansipansi, chilankhulo ndi Chipwitikizi. Ngati kanyimbo kanakugwirani kaja kanali kofewa, nthawi zambiri ndi iyi. Afro-Cuban jazz inabadwira ku New York m'ma 1940, oimba a ku Cuba ngati Machito, Mario Bauzá ndi Chano Pozo atakumana ndi a jazz ngati Dizzy Gillespie, iyi ndi ya malipenga ndi ng'oma za conga. Mambo (pano si mfumu ayi) ndi wa mabandi akuluakulu ovinitsa, a Pérez Prado ndi Tito Puente. Cha-cha-chá ndi wa ku Havana koyambirira kwa m'ma 1950, chitoliro ndi mavayolini, wosathamanga. Son cubano ndiye kholo la zambirizi. Bolero ndi nyimbo zachikondi zoyenda pang'onopang'ono. Boogaloo ndi ya achinyamata a ku New York m'ma 1960, kusakaniza za ku Cuba ndi soul. Cumbia ndi ya ku Colombia.

Chenjezo: posaka ikani chaka kapena mawu oti full album, monga "bossa nova 1963 full album". Mukangolemba bossa nova payokha mulandira nyimbo za pop zomwe angoziveka kagitala pamwamba, ndi zina zopangidwa ndi kompyuta.

2. Phunzitsani khutu kumva clave

Apa musathamangepo, chifukwa mukagwira ichi simudzasocheranso. Clave ndi kugunda kasanu komwe nyimbo za ku Cuba zimakhazikikapo, nthawi zina mumakumva pa timitengo tiwiri tikuwombana, nthawi zina palibe akukuomba koma bandi yonse ikukutsata.

Yeserani patebulo. Werengani 1 mpaka 8 kawiri, mofanana, osafulumira. Ulendo woyamba ombani m'manja pa 1, pa 4 ndi pa 7. Ulendo wachiwiri ombani pa 3 ndi pa 5. Basi. Katatu kenako kawiri, imeneyo ndi clave ya 3-2. Mukayamba ndi kawiri kaja n'kumalizira katatu ndiye 2-3. Chitani mpaka dzanja lizichita lokha inu mukucheza ndi munthu.

Tsopano sinthani kamodzi kokha, komaliza kaja m'malo moomba pa 5 ombani pa 6. Mwamva mmene zapendekera, ngati munthu akuyenda mosakhala ndi changu? Imeneyo ndiyo woimba ng'oma wa bossa nova amagogoda m'mphepete mwa kang'oma ka snare. Kusiyana kwa Havana ndi Rio kumayambira pa kugunda kumodzi kumeneko, ndipo ine mpaka pano zimandisangalatsa ndikamaganiza.

Chenjezo: musawerenge ndi mutu wokha, phazi lizigunda pansi pa 1 ndi pa 5. Ambiri amaomba atatu oyambawo motalikirana ndi phazi mpaka zonse zimasanduka chisokonezo. Chepetsani liwiro.

3. Sankhani chimbale chimodzi, mumvere chonse

Osati playlist ya munthu wina, chimbale. Kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, kawiri. Ngati mukufuna zofewa, Getz/Gilberto cha 1964 ndi khomo labwino, muli saksofoni ya Stan Getz, gitala ndi mawu a João Gilberto, piyano ya Antônio Carlos Jobim, ndipo chinatenga Grammy ya chimbale cha chaka mu 1965. Ngati mukufuna zogwedeza mapewa, Soul Sauce cha Cal Tjader, iyeyu ankaimba vibraphone, tingoti mangolongondo achitsulo, phokoso lake limalowana ndi dzuwa modabwitsa. Ofuna kuvina atenge Dance Mania cha Tito Puente cha 1958. Ndipo Buena Vista Social Club, chojambulidwa ku Havana mu 1996 n'kutuluka 1997, ndi madala akuimba nyimbo za unyamata wawo, Compay Segundo, Ibrahim Ferrer, Rubén González pa piyano, ndi mayi Omara Portuondo.

Pomvera lembani mukakope nyimbo zomwe zakukhudzani, ndi chida chomwe chakukhudzanicho. Kungolemba kuti "nambala 3, piyano" ndi zokwanira.

4. Tsatani ulusi

Apa ndiye pagona luso lonse la kupeza nyimbo zakale. Lowani pa Discogs, webusaiti yosunga mbiri ya zimbale, ndi yaulere kuwerenga, lembani dzina la chimbale chija, tsikani pomwe alemba Credits. Muona aliyense amene anaimbamo, kampani yomwe inatulutsa, ndi chaka. Dinani dzina la munthu wa chida chomwe munalemba mukakope muja muone kwina komwe anaimbako.

Mwachitsanzo mwayamba ndi Cal Tjader. Mupeza kuti kumapeto kwa m'ma 1950 mu bandi yake munali Mongo Santamaría pa conga ndi Willie Bobo pa ng'oma za timbales, ndipo awiriwa anachokera kwa Tito Puente. Aliyense anadzakhala ndi bandi yakeyake, ndipo mnyamata wina wa piyano dzina lake Chick Corea anadutsamo mwa onse awiri asanatchuke. Mwaona, dzina limodzi lakupatsani anthu anayi ndi zimbale zosawerengeka. Ku Brazil chimodzimodzi, ng'oma za mu Getz/Gilberto anaimba Milton Banana amene anali ndi trio yake, wojambulitsa anali Creed Taylor amene anatulutsanso Walter Wanderley wa organ mu 1966, ndipo mukatsata Jobim mufika pa Elis & Tom cha 1974 chomwe anaimba ndi Elis Regina.

Makampani nawonso ndi ulusi. Verve ndi Blue Note pa jazz, Tico ndi Fania pa za ku New York (Fania anaiyambitsa Johnny Pacheco ndi Jerry Masucci mu 1964), Elenco ndi Odeon ku Brazil, Discos Fuentes ku Colombia. Palinso makampani a masiku ano omwe ntchito yawo ndi kufukula zakale n'kuzitulutsanso zoyera, monga Mr Bongo, Soundway, Vampisoul ndi Analog Africa. Chimbale chosakaniza chochokera kwa awa chimakupatsani mayina 15 kapena 20 nthawi imodzi.

Chenjezo: tsatani ulusi umodzi patsiku. Mukatsegula ma tab 30 mutopa, bandulo itha, ndipo simukumbukira chomwe munamva.

5. Gogodani makomo ena

Radiooooo (ma o asanu) imakupatsani mapu a dziko, mumadina dziko ndi zaka, monga Cuba 1950 kapena Brazil 1960, nyimbo n'kuyamba kulira. Radio Garden imakulolani kumvera mawayilesi enieni a ku Havana, Cali, Salvador ndi kwina kulikonse pompopompo. Mukamva yabwino Shazam ikhale pafupi, pa foni ina kapena muyatse Auto Shazam.

Tsono munthu wamkulu uja. Muyikireni cha-cha-chá wa Orquesta Aragón kapena son wakale musanene kalikonse, muone. Ine ndinayesa kwa amalume tsiku lina masana pansi pa mtengo wa mango, anali akusenda chinangwa, mpeni unaima m'malere, phazi linayamba lokha, kenako anafunsa kuti ndi bandi iti ya ku Zaire imeneyi. Sanalakwitse kwenikweni. Kuyambira 1933 kampani ya HMV inkagulitsa mu Africa mbale za galamafoni za nyimbo za ku Cuba zodziwika ndi zilembo GV, oimba a ku Kinshasa ndi Brazzaville anazimva n'kuzisandutsa zawo, ndi mmene kunabwerera African Jazz ya Grand Kallé mu 1953 ndi OK Jazz ya Franco mu 1956. Ku Dakar kunatuluka Orchestra Baobab mu 1970. Ndipo ng'oma za ku Cuba zomwezo mizu yake ndi ya anthu amene anatengedwa ukapolo ku Congo ndi kumadzulo kwa Africa. Ndiye makutu athu amene anakulira pa rumba nyimbozi amazidziwa kale. Amalume tsiku limenelo ananditchulira mayina a Tabu Ley ndi Docteur Nico, ndinawalemba mukakope momwemo pansi pa Aragón.

Gawo lachiwiri: kusanja

6. Sefani

Pakatha sabata kapena awiri mukhala ndi nyimbo mwina 60. Pangani playlist ziwiri, ina nkhokwe yongotayiramo chilichonse, ina yeniyeni. Nyimbo isalowe mu yeniyeniyo musanaimvere katatu, ndipo kamodzi mwa katatuko kakhale masana muli panja. Pali nyimbo zokoma usiku pa mahedifoni zomwe padzuwa zimangofota, makamaka ma solo aatali a saksofoni ndi ma bolero olira kwambiri. Mutsale ndi 18 mpaka 25, ndiye kuti ola limodzi ndi theka kapena kuchepera, poti zakalezi zambiri ndi za mphindi zitatu kapena zinayi. Woimba mmodzi asapitirire nyimbo ziwiri.

7. Sanjani motsatira dzuwa

Ganizirani tsiku lenileni, Loweruka, zochapa zili pachingwe, thobwa ali mufiriji. Playlist yanu siyokwana tsiku lonse, koma mndandanda wake utsatire mmene tsikulo limayendera.

Kum'mawa cha m'ma 9 kapena 10 dzuwa lisanakwiye, tsegulani ndi bossa nova ndi samba yofewa, zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Yoyamba ikhale yomwe munthu angaikonde m'masekondi 20 oyambirira, musayambe ndi yofuna kuleza mtima. Kenako lowetsani vibraphone ndi chitoliro, Tjader, cha-cha-chá, son, apa phazi liyambe kugwedezeka koma munthu akadali pampando.

Dzuwa likafika paliwombo, ambiri amaganiza kuti ndi nthawi ya mambo ndi malipenga. Ine ndimakana. Dzuwa la Okutobala likuswa mtengo palibe amafuna lipenga m'khutu, anthu adya nsima akufuna mthunzi. Tsitsani, ikani bolero imodzi, piyano ya Rubén González, organ ya Wanderley, rumba yakale ya ku Congo ija yoyenda mwaulemu. Zowotcha zisungeni mpaka dzuwa litapendeka cha m'ma 3 kapena 4, kamphepo kakayamba, pamenepo tsegulani boogaloo, mambo, cumbia, Mongo Santamaría, ana ayamba okha kudumpha pabwalo. Chakumapeto kukamachita chisisira bwererani ku gitala imodzi ndi mawu amodzi.

Polumikiza nyimbo ziwiri mverani mathero a yoyamba ndi chiyambi cha yotsatira. Pakhale chinthu chimodzi chofanana, kaya liwiro, kaya chida, kaya chilankhulo. Kuchoka pa bossa kulumphira pa bandi ya malipenga 10 kumadzidzimutsa, ikani ya piyano ndi conga pakati ikhale mlatho.

Chenjezo: zimitsani shuffle, yomwe imasakaniza nyimbo. Pa akaunti yaulere ya Spotify ya pafoni nyimbo nthawi zina zimasakanizika zokha, ndiye ngati anzanu ambiri alibe Premium pangani playlist yomweyo pa YouTube, imeneyo imatsata mndandanda wanu.

8. Yesani pa sipika yomwe mudzagwiritse ntchito

Zojambula za m'ma 1950 zimamveka motsika poyerekeza ndi za 1997, ndiye mukaziyika moyandikana ina imanong'ona ina imakuwa. Pa Spotify lowani mu Settings muyatse zofananitsa voliyumu, ndipo crossfade, yolowetsa nyimbo yotsatira inzake isanathe, muike pa masekondi awiri kapena atatu basi, kapena muisiye yozima, chifukwa zakalezi zimatha ndi kugunda komaliza komwe sikufunika kudulidwa. Zimbale zina zoyambirira za stereo anaika ng'oma mbali imodzi mawu mbali ina, ndiye womvera ndi hedifoni imodzi amataya theka la bandi. Mukapeza yolembedwa mono tengani imeneyo, pa kasipika kamodzi imamveka yodzaza.

Sipika ikhale pamthunzi, pafupi ndi khoma kuti besi imveke. Foninso pamthunzi, batire silimvana ndi kutentha. Ndipo amene muli ndi mbale zenizeni za galamafoni za makolo zija, musazitulutse padzuwa kapena kuzisiya mugalimoto, zimapindika ndipo sizibwereranso.

Gawo lachitatu: kugawa

9. Tumizani imodzi kaye

Osayamba ndi playlist yonse. Sankhani nyimbo imodzi, munthu mmodzi, mulembe mizere iwiri ya chifukwa chomwe mwamuganizira iyeyo. "Achimwene, tamverani piyano ikamalowa pa 1:40, yandikumbutsa wayilesi ya agogo ija." Kutchula mphindi yeniyeni kumapangitsa munthu kudina, poti akudziwa chomwe akukasaka. Kwa akuluakulu imbani foni kapena muwayikire muli nawo limodzi, linki yopanda moni kwa amalume kapena apongozi siyenda.

Akayankha kuti pali zinanso, ndiye tumizani playlist.

10. Ipatseni dzina ndi mawu pang'ono

Dzina linene nthawi kapena malo, "Pakhonde Loweruka masana", "Ulendo wa ku nyanja", zoterozo. Pansi pake lembani kuti ndi yaitali bwanji komanso idya MB zingati, anthu amaopa kudina chinthu chomwe sakudziwa kuti chiwamalizira bandulo. Auzeni kuti pa YouTube atsitse vidiyo ifike 144p, chithunzi sichofunika. Pa YouTube playlist muiyike Unlisted kapena Public.

Chenjezo: ikakhala Private, mnzanu akadina sapeza kanthu, ndipo ambiri sakuuzani, amangosiya.

11. Lolani ena aponyemo zawo

Spotify ndi YouTube zonse zimalola anthu angapo kuwonjezera nyimbo mu playlist imodzi. Pangani ina yapadera ya zimenezi, yanu yosanja bwino ija isakhudzidwe. Ikani lamulo losavuta, aliyense ziwiri pa sabata, yojambulidwa chisanafike chaka cha 1980, ndipo anene chifukwa chake. Mlongo wanu wa ku Johannesburg, msuweni wa ku Tete amene amamva Chipwitikizi n'kumakumasulirani mawu a bossa nova, mnzanu wa ku Leeds amene dzuwa amaliona mwa apo ndi apo, onse Lamlungu limodzi akumvera zofanana.

Gawani malinki, osati mafayilo obena. Ambiri mwa oimbawa anamwalira koma mabanja awo alipo, ndipo makampani ang'onoang'ono ofukula zakale aja amadalira anthu omvera mwanjira yoyenera kuti afukule zina. Ngati mukufuna kuziyika pamalo a bizinesi ku Malawi, kaya lodge, bala kapena lesitilanti, pitani ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo, mukafunse za laisensi.

Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

Kutenga nyimbo yojambulidwanso m'malo mwa yoyambirira. Oimba akale ambiri anabwerezanso nyimbo zawo atakalamba, ena ndi makibodi a m'ma 1980, ndipo dzina ndi lomwelo. Chaka chomwe Spotify imaonetsa nthawi zina ndi chomwe chimbale chinatulutsidwanso, ndiye onani pa Discogs.

Kukhulupirira zomwe app ikukusankhirani. Imakuzungulitsani pa nyimbo 10 zotchuka zomwezo. Ikakupatsani dzina latsopano lilembeni mukakope mukalifufuze nokha.

Kudzaza playlist ndi bossa nova yokhayokha. Pofika nyimbo yachisanu ndi chitatu anthu ayamba kuwodzera. Iyenera kukhala ndi mnzake wa ng'oma.

Kuchita manyazi ndi kutchula mayina. J wa Chisipanishi amamveka ngati h, ndiye cha-cha-chá anamuyambitsa Enrique Jorrín mumati Horin, pomwe ku Brazil J wa Jobim ndi João ndi wofewa ngati zh. Clave mumati klave. Polemba posaka tizizindikiro ta pamwamba pa zilembo tisakuvuteni, YouTube imapeza ngakhale mutatisiya.

Kukweza voliyumu mpaka kumapeto. Nyimbozi anazijambula anthu atakhala m'chipinda chimodzi akumverana, kasipika kakafika pomalizira maseche ndi chitoliro zimasanduka phokoso lobaya m'khutu. Ikani pomwe anthu awiri angacheze osakuwa, muzikweza pang'ono pokhapokha dzuwa litapendeka.

Kudalira netiweki pa tsiku lenilenilo. Ngati mukupita kunyanja kapena kumudzi, dawunilodani playlist usiku wake muli pa Wi-Fi kapena pa bandulo ya usiku ngati app yanu imalola, tchajani sipika ndi power bank, kenako muyike foni pa flight mode muyese ngati nyimbo zitatu zoyambirira zikulira.